Nyundo ya a Kamtedza

Panali mwamuna wina wa kwa Nambuma, dzina lake Fanuwelo, amene anakwera ndege kupita ku Amereka ali ndi kiyi wa chitseko cha mwini m'thumba mwake.

Mwini chitsekocho anali bambo ake omubala, a Kamtedza, okhoma zidebe. Mkuluyu anayamba kukhoma malata ndevu zisanamere, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kanyumba kofolera ndi malata. M'menemo munali chidutswa cha njanji chokhomerapo, lumo lodulira malata, ndi nyundo imene mpini wake unali utasalala ndi thukuta. Ndowa, mbaula, makeni othirira kudimba, zonsezo zinkatuluka m'kanyumba kameneka. Dzuwa likafika pamutu mudzi wonse unkamva: ngo! ngo! ngo! n'kupuma pang'ono, kenako ngo! ngo! ngo! Ndiye musaganize kuti ankakhoma ali chete. Anali wolongolola mkulu ameneyo. Ankakalipira malata, kukalipira nkhuku, kukalipira munthu wobwera ndi ndowa yobooka, kenako n'kumuseketsa mpaka aiwale kuti anakalipiridwa.

Fanuwelo ankawakonda bambo akewo, pamenepo tisanamizane. Koma ankachitanso manyazi. Mapepala a ulendo atatuluka anayamba kulingalira kuti anthu adzati chiyani: mwana ali ku Amereka, bambo ake ali pa dzuwa kukhoma zitini ngati alibe wowasamala. Ndiye kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, anagula loko wamkulu n'kutseka kanyumba kaja.

“Ababa, ntchito yatha,” anatero. “Mwavutika mokwana. Kuyambira lero muzingokhala, zonse ndizitumiza ine.”

A Kamtedza anati, “Iwe, anakuuza ndani kuti ndatopa?”

“Palibe wandiuza, ndikuona ndi maso. Pumulani.”

Mkuluyo anayang'ana lokoyo nthawi yaitali. Zida zoti akanamuthyolera zinali mkati mwa kanyumba komweko, komanso sanafune kuchititsa mwana wake manyazi pa tsiku lotsazika. Fanuwelo anauza mlongo wake Lekeleni, amene ankakhala pakhomopo n'kumasamala bambo awo, kuti munthu asakhudze lokoyo. Kiyi anamuika pa mphete ya makiyi ake, ulendo.

Ku Amereka anakafikira m'tauni ina yozizira, nalembedwa ntchito pa sitolo yaikulu yogulitsa zomangira nyumba: misomali, utoto, mapaipi, zitseko. Ntchito yake inali kutsitsa katundu m'malole ndi kusanja m'mashelefu. Kuzizira anazolowera, zakudya zosakolera mchere anazolowera. Chimene sanachizolowere ndi nkhalamba. Polipirira panali mayi wa imvi mbuu, manja akunjenjemera, koma akugwira ntchito. Panja panali mkulu wina wokokera mwendo akukankha matolole a ogula m'chisanu. Fanuwelo ankangoti, kodi anthu amenewa alibe ana?

Koma amene ankamusowetsa mtendere anali mkulu wodula makiyi.

Ameneyu ankaima pa ngodya ya kumapeto kwa sitolo, kumene magetsi sankawala kwenikweni. Anali wamtali, woonda, khungu lopyapyala loonetsa mitsempha yonse, maso otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Pakhosi ankamanga kansalu, kuzizire kutenthe. Ankafika nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, osachedwa, osafulumira. Wogula akabwera ndi kiyi, mkuluyo sankapereka moni. Ankangolandira, kuyang'ana mano a kiyiyo, kumuika pa makina, makinawo n'kulira tswiii, kenako n'kupereka makiyi awiri. Masana ankadya kaphala kake atayang'ana kukhoma. Miyezi isanu inatha, Fanuwelo osamvapo liwu limodzi lotuluka m'kamwa mwa munthu ameneyu.

Tsono inu mukudziwa zimene timakula tikumva kwathu kuno. Amati pali anthu a dyera ndi chuma amene amatenga m'bale wawo weniweni, kumuchita mankhwala, kumudula lilime, n'kumubisa kuchigayo kapena kumunda kuti aziwagwirira ntchito osalankhula, osadandaula, osatopa. Woteroyo timati ndondocha. Ine sindinaionepo ndi maso angawa, ndipo sindikuti muzikhulupirira. Koma Fanuwelo anakula akudutsa patali ndi chigayo china chifukwa cha nkhani zomwezo, ndipo munthu sasiya za m'mutu mwake pa bwalo la ndege.

Tsiku lina anamva kwa anzake a pantchito kuti mayi mwini sitoloyo, amene ankabwera pa galimoto yonyezimira, ndi mwana wa mkulu wa makiyi uja. Patapita masiku angapo, mkuluyo atawerama kutola kiyi amene anagwa, kansalu ka pakhosi kanasunthika, ndipo Fanuwelo anaona kabowo pakhosipo, kozungulira, kakutulutsa mpweya. Anati mumtima, “Mayo ine, kodi zilikonso kuno? Mwana kudyera bambo ake omubala!” Kufunsa sanafunse munthu aliyense. Paja safunsa anadya phula.

Musaseke, nkhaniyi siyoseketsa.

Nthawi yonseyi Fanuwelo ankaimba foni kumudzi Loweruka lililonse. Miyezi yoyambirira a Kamtedza ankalanda foniyo kwa Lekeleni n'kumamukalipira Fanuwelo: tumiza kiyi wanga, mvula yayandikira, anthu akufuna makeni. Fanuwelo ankangoseka, n'kutumiza ndalama. Anatumiza za mpando wofewa, za wailesi, za bulangeti, za suti yopitira kutchalitchi. Pang'ono ndi pang'ono kukalipa kuja kunachepa. Mkuluyo anayamba kuyankha kuti eya, ayi, zikomo. Kenako ankangopumira pa foniyo, osanena kanthu. Fanuwelo anati, akupuma, afatsa, ukalamba ndi wotero.

M'chaka chachiwiri Lekeleni analankhula mosabisa.

“Achimwene, ababa sakulankhulanso. Kuchipatala ndapita nawo kawiri, akuti sakupeza matenda. Akadzuka amakhala pa mpando munagula uja pakhonde mpaka dzuwa kulowa, maso ali kumsewu. Dzanja lamanja lokha ndi limene limayenda, kukwera ndi kutsika pa bondo.”

“Uziwapatsa zakudya zabwino.”

“Amadya. Koma pali china. Dzuwa likafika pamutu, m'kanyumba munatseka muja mumamveka kukhoma.”

“Ndi malata amenewo, akatentha amalira.”

“Malata salira katatu n'kupuma, katatu n'kupuma. Ndamva ndekha ndi makutu angawa, ababa ali pakhonde ndikuwaona.”

Fanuwelo anamukalipira kuti asiye za kumudzi, n'kudula foni. Taonani munthu! Za kumudzi zomwezo ndi zimene zinkamuchititsa kuzemba ngodya ya makiyi. Paja anyani amasekana zikundu.

Linafika tsiku lina ogula atachepa. Fanuwelo ankasanja maloko pa shelefu pafupi ndi ngodya ija, ndipo anaona mkuluyo akudula kiyi, miyendo ikunjenjemera pang'ono. Chisoni chinaposa mantha. Anapita, nazimitsa makinawo, n'kumugwira mkuluyo pa chigongono.

“Agogo, pitani kunyumba mukapume,” anatero m'Chingerezi chake chothyokathyoka. “Ntchito yanu ndigwira ine. Amene akukusungani panoyo akuchimwa.”

Mkuluyo anatembenuka pang'onopang'ono. Anamenya dzanja la Fanuwelo kuti phaa, ndipo mphamvu yake sinali ya munthu wakufa ayi. Kenako anatenga pensulo, nang'amba chidutswa cha katoni, nalemba, n'kumuonetsa.

Panalembedwa kuti: “Anakuuza ndani kuti ndatopa?”

Mawuwo Fanuwelo anali atawamvapo kale, pa chitseko china, kutali.

Nthawi ya chakudya chamasana itakwana, mkuluyo anavala jekete, namukodola kuti amutsate. Anawoloka msewu n'kulowa m'nyumba ina yaikulu ya njerwa, yosungiramo okalamba. Ndinene zoona, inali nyumba yabwino. Munali mofunda, mukununkhira sopo, anamwino akumwetulira. Anamuzindikira mkuluyo, namupatsa moni. Iye anatsogolera Fanuwelo mpaka m'chipinda chachikulu cha mawindo.

M'menemo munali nkhalamba ngati makumi awiri, aliyense pa mpando wofewa, bulangeti pa maondo. Kanema ankalankhula yekha, palibe womuyang'ana. Panalibe wocheza ndi mnzake. Zovala zoyera, tsitsi lopesedwa, mimba zokhuta, koma maso ali gwa pa malo amodzi. Fanuwelo anayamba kuona zinthu zing'onozing'ono. Mayi wina phazi lake linkaponda pansi mobwerezabwereza monga amachitira wosoka pa makina. Mkulu wina manja ake onse awiri anali m'mwamba pang'ono, akupotoza chiwongolero chimene panalibe. Wina zala zake zinkasanja zinthu zosaoneka pa bulangeti, kuika uku, kuika uku.

Mkulu wa makiyi analoza mpando wopanda munthu pafupi ndi windo, kenako n'kudziloza pachifuwa. Anakhala pa mpandopo, natulutsa katoni wake, nalemba nthawi yaitali. Fanuwelo anawerenga mawu ndi mawu.

“Ndinakhala apa zaka ziwiri. Matenda a pakhosi anandilanda mawu, madokotala anaboola apa kuti ndizipuma. Mwana wanga anati ndagwira ntchito mokwana, nandibweretsa kuno chifukwa chondikonda. Tsiku lina namwino anandifunsa dzina langa, ndinayamba ndaganiza. Ndinamulembera mwana wanga kuti andibwezere makina anga ndisanathe. Analira, koma anandibwezera.”

Anatembenuza katoniyo, nalembanso kuseri.

“Uja wokankha matolole amagwira chifukwa akapanda kutero sadya. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndi yowawa. Ine ndinachita kupempha. Enanso muno sangathe kugwira kanthu, amenewo apume. Koma ena anangolandidwa.”

Atabwerera kusitolo, mkuluyo anatambasula dzanja kuloza makiyi amene anali pa lamba wa Fanuwelo. Anawalandira, nawapenda mmodzimmodzi monga amachitira ndi a ogula: wa kunyumba, wa kabati yosungira zovala za ntchito. Atafika pa wachitatu anaima. Anamuyandikitsa kumaso, nayendetsa chikhadabo pa mano ake, n'kulemba.

“Uyu si wakuno. Ndipo papita nthawi asanalowe m'loko, mano ake achita mdima. Unatsekera chiyani?”

Fanuwelo anafuna kuyankha kuti zida chabe, nyundo ndi malata. Koma anangotenga makiyi ake n'kubwerera ku malole, ndipo tsiku limenelo anagwetsa zitini za utoto kawiri.

M'mawa mwake, asanapite kuntchito, anaimba foni kumudzi. Ku Amereka kunali kutangocha, kuno kwathu dzuwa lili pamutu.

“Lekeleni, usandibisire. Anthu akuti chiyani za ababa?”

Mlongo wakeyo anati, “Mukufunadi kumva? Akuti inu munawasandutsa ndondocha kuti zikuyendereni ku Amereka. Akuti thupi lokha ndi limene lili pakhonde, eni ake munawatsekera m'kanyumba muja, akukukhomerani chuma. Ana anasiya kudutsa njira ya pakhomo pano. Ine ndikapita kumjigo amayi amasiya kulankhula.”

“Bodza limenelo! Ine ndinangofuna kuti apume.”

“Ndikudziwa, achimwene. Koma takhalani chete, tamverani.”

Lekeleni anayenda ndi foniyo mpaka kuseri kwa nyumba. Ndipo Fanuwelo, ali m'kachipinda kake kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, anamva. Ngo, ngo, ngo. Kupuma. Ngo, ngo, ngo. Phokoso limene linamulera, limene linamulipirira sukulu. Anakhala pansi.

“Thyola,” anatero. “Tenga nkhwangwa, thyola lokoyo.”

“Paja munati munthu asakhudze.”

“Thyola, mlongo wanga, ndagwira mwendo!”

Lekeleni anaika foniyo pa mtondo. Fanuwelo anamva mapazi akupita, akubwera, kenako nkhwangwa ikugwa pa chitsulo. Itangogwa koyamba, kukhoma kwa mkati kunaleka. Inagwa kachiwiri, kachitatu, loko n'kuthyoka. Chitseko chinalira potseguka.

“M'katimo mukuoneka chiyani?”

“Fumbi, achimwene. Akangaude aluka paliponse. Njanji ija yachita dzimbiri, pali ndowa imene anaisiya yosamaliza, chiswe chadya miyendo ya tebulo. Mulibe munthu, mulibe phazi la munthu.” Anatsitsa mawu. “Koma mpini wa nyundo ulibe fumbi. Ndaugwira. Ndi wofunda.”

“Kawatenge ababa.”

Sipanafunike kuwatenga. A Kamtedza anali atadzuka okha pa mpando wofewa uja atamva chitseko, ndipo ankabwera akukhwekhwereza mapazi, atagwirira khoma. Analowa, nakhala pa chitsa chawo chakale. Lekeleni anayandikitsa foniyo, namanong'oneza zimene ankaona.

Mkuluyo anasisita njanjiyo ndi chikhatho. Anakoka ndowa yosamaliza ija, naiika pamalo pake, mkombero wake ndendende pamene anasiyira. Maso anali atadzuka, anali maso a a Kamtedza enieni. Anagwira nyundo. Anainyamula pang'ono, inabwerera pansi. Anayesanso, dzanja linanjenjemera, inabwereranso. Anathandizira ndi dzanja lamanzere, naikweza mpaka pachifuwa, naigwetsa pa mkombero wa ndowayo. Inangoti ko, kaphokoso kochepa, malata osapindika n'komwe. Kenako nyundoyo inapulumuka n'kugwera m'fumbi.

Zaka ziwiri za pa mpando wofewa zinali zitadya mkono umene unakhoma zaka makumi asanu.

Fanuwelo ankangomva nkhuku patali, ndi kulira kwa mlongo wake kobisa. Ndiye kunamveka mawu, osasa, otuluka movutikira, mawu amene sanamveke pakhomopo chaka chathunthu.

“Ndani ali m'kachinthuko?”

“Ndi achimwene a Fanuwelo, ababa. Ndi amene anena kuti ndithyole.”

“Muuze kuti chitseko ndachiona, watsegula.” Anapuma. “Tsopano atumize dzanja langa. Analitengera limodzi ndi kiyi.”

Fanuwelo anaitana, ababa, ababa, ndikhululukireni, koma mkuluyo sanalankhulenso ndi foniyo. Anangouza Lekeleni kuti atole nyundoyo, nyundo sigona pansi.

Kuyambira tsiku limenelo kukhoma sikunamvekenso pamudzipo, dzuwa litenthe bwanji. A Kamtedza anasiya kukhala pakhonde, ankakhala m'kanyumba kawo chitseko chili chotsegula, nyundo ili pa miyendo, ndipo mawu anabwerera pang'ono. Koma ndowa ija sanaimalize. Fanuwelo kiyi uja akadali naye mpaka lero pa mphete yake, alibe chimene amatsegula.

Tsono ndikunena ndi inu a komiti, amene mwagwirizana kuti kuyambira mwezi wamawa a Chagunda asiye kuimba belu ndi kutsegula tchalitchi chino chifukwa akula, mwawagulira kale ndi bulangeti lowathokozera. Ndikunenanso ndi inu ana amene muli ndi makolo kumudzi. Sindikuti muzisenzetsa nkhalamba matumba a chimanga, kapena kuzisiya zizilima chifukwa inu mwaumira, limenelo ndi tchimo linanso. Wotopa apume, ndipo mumusamale. Koma anthu masiku ano akukhalitsa, ndipo zaka makumi awiri za pakhonde si mpumulo. Kodi a Chagunda munawafunsa? Ine ndawafunsa m'mawa uno, ali pa chingwe cha belu. Andiyankha kuti, “Anakuuzani ndani kuti ndatopa?”

Bulangetilo apatseni, kukuzizira. Makiyi asiyireni.